MWANA WOGONTHA SALI YEKHA: ANTHU AMENE ANGAKUTHANDIZENI

Amai, m'Chicheŵa chathu mau akuti "wosamva" ali ndi matanthauzo aŵiri. Timati mwana ngwosamva pamene ali wamwano, uja woti mukamtuma kumadzi iye amangopitiriza maseŵera ake. Timatinso ngwosamva pamene makutu ake sagwira mau. Chifukwa cha kufanana kumeneku, ana ambiri ogontha amakula akukalipiridwa ndi kukwapulidwa pa mlandu umene sanapalamule, ndipo makolo amadzazindikira zoona zake mwanayo atafika kale msinkhu wopita kusukulu.

Kugontha sikumlanda mwana nzeru. Chimene chimambwezera m'mbuyo ndicho kukula wopanda chilankhulo chilichonse, chapakamwa kapena chamanja. Ubongo wa mwana umalandira chilankhulo mosavuta m'zaka 3 zoyamba za moyo wake, ndipo zaka zimenezi zikapita pachabe nkovuta kuzibweza. Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Tsono dziŵani kuti alipo anthu amene anaphunzira ntchito yoyeza, yophunzitsa ndi yolankhulira ana otere pamodzi ndi mabanja ao. Kabuku kano kakuuzani kuti anthuwo ndani, amachita chiyani, ndipo mungaŵapeze bwanji.

KODI KUGONTHA KUMADZA BWANJI?

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse lapansi, la World Health Organization, likunena kuti ana okwana 34 miliyoni ali ndi vuto la kumva lofunika chithandizo, ndi kuti mwa ana 10 otere, 6 vuto lao limachokera ku zinthu zimene zikanatha kupewedwa. Ana ena amabadwa ali ogontha, mwina chifukwa cha kumtundu, mwina chifukwa mai anadwala chindoko kapena matenda a rubella ali woyembekezera. Ena amagontha chifukwa chobadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, kapena chikasu chachikulu m'masiku oyamba. Enanso amabadwa akumva bwinobwino koma nkudzagontha atadwala matenda oumitsa khosi, malungo aakulu okomola, chikuku, kapena atatuluka mafinya m'khutu kwa nthaŵi yaitali. Aliponso mankhwala ena amphamvu amene amapulumutsa moyo koma angathe kuononga makutu akaperekedwa mopyola muyeso. Nchifukwa chake jakisoni ayenera kubayidwa ndi achipatala okha.

Mwa zonsezi mulibe ufiti, mulibe kukhwimira, mulibenso tchimo la mai kapena la bambo. Mwa ana 10 ogontha, 9 amabadwa kwa makolo akumva bwino. Choncho palibe chifukwa choti m'banja mukhale kulozana zala.

Dziŵaninso kuti mwana wogontha salankhula chifukwa sanamvepo mau oti atsanzire. Lilime lake lili bwino. Kumdula pansi pa lilime kapena kumtemera mphini sikungamtsekule makutu, kungomuonjezera ululu ndi zilonda.

ZIZINDIKIRO ZOTI MUZIYANG'ANA

Mwana amene akumva bwino amachita zinthu izi pa nthaŵi yake:

1. Asanakwane miyezi 3, amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, ndipo amatonthola akamva mau a mai wake.
2. Pofika miyezi 6, amatembenuza maso kapena mutu kufuna kumene kwachokera phokoso.
3. Pakati pa miyezi 6 ndi 9, amayamba kubwereza timau monga "bababa" ndi "mamama".
4. Pofika chaka chimodzi, amacheuka mukamtchula dzina, ndipo amayamba kutchula liu limodzi kapena aŵiri.
5. Pofika zaka 2, amalumikiza mau aŵiri, monga "ndipatseni madzi", ndipo amamva mukamtuma kanthu kapafupi osamlozera.

Musanyengedwe poona kuti mwana amalira ndi kuseka, pakuti khanda logontha nalonso limalira ndi kuseka. Chimene chimachitika nchakuti timau take timanka tichepa m'malo mochuluka. Anaŵa amakhalanso ochenjera ndi maso: amaona chithunzithunzi chanu, amamva kugwedera kwa pansi mukamayenda, nkucheuka ngati amva. Pofuna kumuyesa kunyumba, imani kumbuyo kwake pamene sakukuonani, osaponda mwamphamvu, ndipo mumenye mbale ndi supuni kumbali ya khutu limodzi, kenaka linalo. Kuyesa kotere sikutsimikiza kanthu, koma ngati sacheuka masiku angapo, kapena ngati mtima wanu ukukayika, musadikire.

MLANGIZI WA ZAUMOYO NDI NAMWINO WA KUSIKELO

Khomo loyamba ndi lomwe lino mwabwera lero. Sikelo si yoyezera kulemera kokha ai. Mukafika pamaso pa mlangizi wa zaumoyo kapena namwino, nenani zimene mwaona, ngakhale iwo asanakufunseni. Fotokozani ngati mwana anavutika pobadwa, anachita chikasu, anagonekedwapo m'chipatala ndi malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, ndiponso ngati kumtundu kwanu kapena kwa bambo alipo wogontha. Iwo adzaona ngati m'khutu mukutuluka mafinya, adzalemba zonse m'buku la mwana la kuchipatala, ndipo adzakutumizani kwa odziŵa kuposa iwo.

Kumudzi anthu angakuuzeni kuti mwanayo adzalankhula yekha, ana aamuna amachedwa. Musakhazike mtima pansi ndi mau otere. Pemphani mwaulemu kalata yopitira kuchipatala cha boma lanu, ndipo kumeneko akaona kuti nkofunika adzakutumizani kuchipatala chachikulu. Kuyezetsa mwana amene akumva bwino sikutaya kanthu, koma kuchedwa ndi mwana wogontha kumamtayitsa zaka.

DOKOTALA WA MAKUTU, MPHUNO NDI PAKHOSI

Kugontha kuli mitundu iŵiri, ndipo ntchito ya dokotalayu ndiyo kusiyanitsa. Mtundu woyamba ndi pamene mau akulephera kuloŵa chifukwa njira yatsekeka. Mwina m'khutu mwadzaza phula, mwina mwana analoŵetsamo njere ya chimanga kapena mkanda, mwina kuseri kwa kachikopa kopyapyala ka m'khutu, kamene kamanjenjemera ngati chikopa cha ng'oma, kwadzaza madzi kapena mafinya, mwinanso kachikopako kanabooka. Mtundu uwu kaŵirikaŵiri umachizika ndi kutsuka, mankhwala kapena opaleshoni, ndipo mwana amayambanso kumva.

Mtundu wachiŵiri ndi pamene m'katikati mwenimweni mwa khutu, momwe mau amasandulika uthenga wopita ku ubongo, mwaonongeka. Mtundu uwu ulibe mankhwala, a kuchipatala kapena achikuda. Musagulitse mbuzi ndi chimanga kulipira munthu wolonjeza kuuchiza. Ndalamazo nkwabwino muzisunge kuti zikuthandizeni pa maulendo a kuchipatala ndi kusukulu.

WOYEZA KAMVEDWE

Ameneyu pa Chingerezi amatchedwa audiologist. Ntchito yake ndiyo kuyeza kuti khutu lililonse likumva kufika pati. Akatswiri otere amapezeka ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe, ndipo nthaŵi zina amayendera zipatala za m'maboma. Funsani kuchipatala cha kwanu za tsiku limene angabwere.

Palibe mwana amene ali wamng'ono kwambiri moti sangayezedwe. Khanda la masiku oŵerengeka limayezedwa lili m'tulo, poika kachipangizo kofeŵa pakhomo pa khutu kwa mphindi zochepa, ndipo sikapweteka. Mwana wokulirapo amayezedwa mwa maseŵera m'chipinda chopanda phokoso. Muyeso umene akatswiri m'maiko ambiri amatsata ndi wakuti mwana ayezedwe asanathe mwezi umodzi, vuto litsimikizike pofika miyezi 3, ndipo chithandizo chiyambe pofika miyezi 6. Ngati wanu wapyola kale pamenepa musataye mtima, koma pitani tsopano.

Woyeza kamvedwe akaona kuti nkoyenera, amapereka kachipangizo kothandiza kumva, kovala kuseri kwa khutu. Kachipangizoka sikachiza khutu, kamangokweza mau, monga momwe magalasi amathandizira maso. Mwana amene akumva pang'ono kamamthandiza kwambiri kuphunzira kulankhula akamakavala tsiku lonse. Mwana wogontheratu mwina kangamthandize pang'ono pokha. Katswiriyo adzakuphunzitsani kusintha mabatire ndi kukasamala kuti kasanyowe. Kavuleni posamba ndi pogona. Kakayamba kulira mluzu kosalekeza, mwina khutu lakula ndipo chotsekera chake chachepa, choncho bwererani akapange china. Mabatire ake ndi aang'ono ngati mabatani a malaya, ndipo ndi oopsa mwana akaŵameza. Asungeni patali.

MPHUNZITSI WA ANA OGONTHA

Maphunziro a ana ogontha m'Malaŵi muno anayamba m'chaka cha 1968 ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndi amishoni a Mpingo wa Katolika. Kumeneko nkumene kuli koleji ya Montfort, imene imaphunzitsa aphunzitsi a ana ogontha, ana osaona ndi ana ovutika kuphunzira. Sukulu zapadera za ana ogontha ndi izi: Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Mua ku Dedza, Bandawe ku Nkhata Bay, Embangweni ku Mzimba ndi ina ku Karonga. Ana ambiri amagonera komweko chifukwa kwao nkutali. Malo ndi ochepa, choncho kafunseni za kalembera mwana asanakwane msinkhu woyambira sukulu.

Mphunzitsi wa ana ogontha amayamba ndi chinthu chimene ana ena amabwera nacho kale kusukulu, ndicho chilankhulo. Amamphunzitsa mwana kuti chinthu chilichonse chili ndi dzina, kuti iyenso ali ndi dzina, kuti pali dzulo, lero ndi maŵa. Amagwiritsa ntchito manja, nkhope, zithunzi ndi kuŵerenga milomo, ndipo pamwamba pa maziko amenewo amamanga kuŵerenga, kulemba ndi masamu. Mwana amene wafika akudziŵa kale kulankhula ndi manja amayamba maphunziro pompo. Amene wafika wopanda chilankhulo amatha nthaŵi yaitali akuphunzira zimene akanaphunzira pa miyendo ya mai wake.

Si mwana aliyense amene afunika sukulu yapadera. Mwana amene akumva pang'ono angathe kuphunzira pa sukulu ya pafupi, makamaka imene ili ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera ndi chipinda chake chothandizira ana otere. Kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu, kapena pitani ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu, akakuuzeni kumene aphunzitsi otere ali. Pemphani kuti mwana azikhala kutsogolo, ndi kuti mphunzitsi asamalankhule atafulatira ana polemba pa bolodi. Ngakhale ku sukulu ya mkombaphala mtumizeni, akazoloŵere anzake.

AKULUAKULU OGONTHA NDI APHUNZITSI A CHILANKHULO CHA MANJA

Pali aphunzitsi ena amene makolo ambiri amaŵaiŵala, ndiwo anthu ogontha eniake. M'dziko muno alipo ogontha amene ali aphunzitsi, atelala, akalipentala, alimi ndi amalonda, okhala ndi mabanja ao ndi ana ao. Ali ndi bungwe lao lotchedwa Malawi National Association of the Deaf, mwachidule MANAD, limene limaphunzitsa chilankhulo cha manja ndi kumenyera ufulu wa ogontha. M'chaka cha 2021 linatulutsa buku loyamba lotanthauzira mau a chilankhulo cha manja cha ku Malaŵi.

Chilankhulo cha manja si kungolozaloza ai. Ndi chilankhulo chokwanira, chokhala ndi malamulo ake, ndipo maiko ambiri ali ndi chaochao. Munthu angathe kuseka nacho nthabwala, kupemphera, kukambirana mlandu ndi kuphunzira sayansi. Mwana wamng'ono amachitola msanga monga momwe mwana wakumva amatolera Chicheŵa.

Mwina mudzamva ena akuti mwana akazoloŵera manja sadzalankhulanso. Maganizo ameneŵa ndi akale. M'chaka cha 1880 msonkhano wa aphunzitsi a ogontha umene unachitikira ku Milan, m'dziko la Italy, unagamula kuti ana aziphunzitsidwa ndi pakamwa pokha, ndipo kwa zaka zambiri manja analetsedwa m'sukulu za m'maiko ochuluka. Ana ambiri anatuluka m'sukulu osadziŵa bwino kulankhula, osadziŵanso kuŵerenga. M'chaka cha 2010, pa msonkhano wa mtundu womwewo ku Vancouver, m'dziko la Canada, aphunzitsi anakana poyera chigamulo chija. Lero nzodziŵika kuti manja saletsa pakamwa. Mwana angathe kuphunzira ziŵiri zonse, ndipo ngati pakamwa pakanika, sakhala chimanjamanja.

Choncho funani munthu wamkulu wogontha wa khalidwe labwino m'dera lanu, wodziŵa chilankhulo cha manja, azicheza ndi banja lanu. Mwana adzaona kuti alipo ena onga iye amene anakula bwino, ndipo inunso mtima udzakhala m'malo.

WOMASULIRA

Womasulira ndi munthu wakumva amene anaphunzira chilankhulo cha manja, ndipo amaima pakati pa wogontha ndi wakumva. Mwina munamuonapo pa wailesi ya kanema, pangodya, nthaŵi ya nkhani. Lamulo la ntchito yake ndi lakuti amasulire zonse, osaonjezera, osachotsera, ndipo asunge chinsinsi. Omasulira akali ochepa m'dziko muno, komabe mwana wanu akadzakula muli ndi ufulu wopempha womasulira kuchipatala, kupolisi ndi kubwalo la milandu. Pamene womasulira alipo, wolankhula ayang'ane mwanayo ndi kulankhula naye mwini wake, pakuti nkhani ndi yake.

A ZACHISAMALIRO CHA ANTHU NDI OLANKHULIRA ANA

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, m'ndime 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. M'chaka cha 2009 dziko la Malaŵi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene limanena kuti ana ogontha ayenera kuphunzira m'chilankhulo chimene angachimve. Maphunziro a pulaimale m'sukulu za boma ndi aulere kuyambira 1994, ndipo mwana wogontha naye ali m'gulu lomwelo. Komatu lamulo lolembedwa silidziyendera lokha, limafuna anthu olikumbutsa.

Anthu otere ndi a ofesi ya zachisamaliro cha anthu, imene ili m'boma lililonse, pamodzi ndi oteteza ana amene amayendera m'midzi. Aliponso mabungwe monga FEDOMA, limene limasonkhanitsa mabungwe a anthu olumala, ndi PODCAM, la makolo a ana olumala. Mwana akakanidwa malo pa sukulu, bambo akathaŵa banja chifukwa cha mwanayo, kapena achibale akafuna kummana gawo lake pa chuma chamasiye, pitani kwa ameneŵa.

Pali nkhani ina yoŵaŵa imene tiyenera kuinena poyera. Anthu oipa mtima amakonda kuchita zachipongwe kwa ana ogontha, aakazi ndi aamuna omwe, podziŵa kuti sangathe kuulula. Mwana amene ali ndi chilankhulo amatha kunena amene wamchimwira, ndipo ichi nchifukwa china chachikulu choti mumphunzitsire manja msanga. Mukaona mwana akuopa munthu wina mwadzidzidzi, kapena ali ndi zilonda zosadziŵika bwino, mtengereni kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo kanenani ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Nkhani yotere si yokambirana pachibale.

NTCHITO IMENE YATSALIRA INU

Anthu onse tatchulaŵa amamuona mwana kwa maora oŵerengeka. Inu mumakhala naye usana ndi usiku, motero mphunzitsi wake woyamba ndinu. Chitani izi:

1. Musanalankhule, mgwireni paphewa kuti akuyang'aneni. Ŵeramani mufanane naye msinkhu, ndipo nkhope yanu ikhale poŵala.
2. Lankhulani bwinobwino, osakuwa. Kukuwa kumapotoza milomo ndipo kumamuopsa.
3. Tchulani zinthu ndi pakamwa ndi manja pamodzi, pomsambitsa, pomdyetsa phala, popita kudimba. Liu limodzi latsopano tsiku lililonse ndi chiyambi chabwino.
4. Banja lonse liphunzire manja: bambo, agogo, abale ndi alongo ake. Mwana asakhale mlendo pa mphasa ya kwao, ena akuseka iye osadziŵa choseketsa.
5. Muitaneni ndi dzina lake, ndipo musalole ena kumpatsa maina achipongwe.
6. Musambise m'nyumba. Apite kutchalitchi kapena kumzikiti, kumsika ndi kokaseŵera. Mpatseni ntchito zapakhomo monga anzake, ndipo akalakwa mlangizeni mofanana ndi ena, mutatsimikiza kuti wamvetsa.
7. Mphunzitseni kuyang'ana mbali zonse pamseu ndi kuyenda moyang'anana ndi magalimoto, popeza samva hutala kapena belu la njinga.

Inu abambo, ulendo wa kuchipatala ndi kusukulu si wa mai yekha. Mutu umodzi susenza denga.

TETEZANI MAKUTU A ANA ONSE

Yambani sikelo ya amai oyembekezera msanga, yezetsani magazi pamodzi ndi bambo, ndipo kachilireni kuchipatala. Khanda likachita chikasu m'maso kapena pakhungu, thamangirani nalo kuchipatala. Mwana alandire katemera yense: wa pa masabata 6, 10 ndi 14 amateteza ku tizilombo tina toyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi, ndipo wa pa miyezi 9 ndi 15 amateteza ku chikuku ndi rubella. Katemera wa rubella anayamba kuperekedwa m'dziko muno m'chaka cha 2017. Gonekani ana m'masikito usiku uliwonse.

Khutu likamatuluka mafinya pitani kuchipatala, ndipo muzilipukuta katatu pa tsiku ndi kansalu koyera kopota, mpaka liume. Musathiremo mafuta, madzi a zitsamba kapena mkaka wa m'maŵere, ndipo musatokose ndi nthenga kapena kamtengo ka machesi. Kuseri kwa khutu kukatupa ndi kuŵaŵa, musagone nako, pitani tsiku lomwelo. Musammenye mwana khofi pakhutu, pakuti kachikopa kaja kangabooke. Mwana aliyense amene wachira ku matenda oumitsa khosi kapena malungo aakulu ayezedwe makutu msanga, ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

Amai, musanachoke pa sikelo lero, taganizani: kodi mwana wanu amacheuka mukamuitana ali chofulatira? Ngati mukukayika, uzani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo tsopano lino. Ndipo ngati m'mudzi mwanu muli mwana amene anthu amangomuti ngwosamva, kampatseni mai wake kabuku kano, kapena kamuŵerengereni.